Injini Ili Kumsana: Mafunso a Omvera pa Toyota MR2

Wowulutsa: Amakaniko athu ali pompano. Kalata yoyamba yachokera ku Nathenje. Bambo awa agula Toyota MR2 yakale, ya mipando iwiri ija, koma akangoyenda pang'ono pa M1 kulowera ku Dedza, injini yatentha kale. Akuti madzi anathira, rediyeta sikudontha. Vuto lili pati?

Amakaniko: Zikomo bambo. Galimoto imeneyi Toyota inaipanga kuyambira 1984 mpaka 2007. Injini yake ili kuseri kwa mipando, pomwe rediyeta ili kutsogolo, ndiye madzi amayenda mtunda wautali m'mapaipi odutsa kunsi. Mukangokhuthulira madzi mmene timachitira ndi Corolla, mpweya umatsakamira m'mapaipimo, madzi osazungulira. Amakaniko anu atsegule timavavu totulutsira mpweya, kena pa rediyeta, kena pa hita, azithira pang'onopang'ono mpaka thovu litasiya kutuluka. Akatero agone pansi aone mapaipiwo, chifukwa mahampu amawaphwanya ndipo dzimbiri limawaboola. Madzi a pamjigo asiyeni, gulani kulanti.

Wowulutsa: Yachiwiri ndi ya mnyamata wa ku Mitundu. Akuti mvula itawaza pa msewu wa ku Bunda, anachotsa phazi pamoto ali pakona, galimoto n'kutembenuka kuyang'ana komwe amachokera.

Amakaniko: Achimwene, thokozani kuti mwalemba nokha kalatayi. Kulemera kwa galimotoyi kuli kumbuyo. Mukasiya moto mwadzidzidzi kapena kuponda buleki muli kale pakona, kulemerako kumathamangira kutsogolo, matayala akumbuyo n'kutaya msewu. Nawo a Toyota anachita kusintha miyendo yakumbuyo ya mtundu wachiwiri wa galimotoyi kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990 pofuna kuchepetsa khalidweli. Chepetsani liwiro msewu udakali wowongoka, mulowe pakona phazi lili pamoto pang'ono, osalisuntha. Matayala a kaunjika kumbuyo ayi. Pa mtundu wachiwiri ndi wachitatu, akumbuyo amakhala otambalala kuposa akutsogolo, choncho musawasinthanitse.

Wowulutsa: Yomaliza ndi ya mayi a ku Diamphwe. Amuna awo akufuna kuitanitsa yotere ku Japan, koma kwawo n'kopatuka pa tara. Kodi idzafika pakhomo? Nanga masipeya?

Amakaniko: Mayi, mwafunsa zenizeni. Galimotoyi ndi yogwa pansi kwambiri. M'chilimwe idzafika mokwawa, ikukhula mimba pamiyala. M'dzinja idzagona kwa achibale a m'mbali mwa tara. Thumba la chimanga lilibe pokhala. Ngati bambo aumirira, asankhe mtundu womaliza, wa 1999 mpaka 2007, umene ku Japan amautcha MR-S. Injini yake ndi 1ZZ ya malita 1.8, ya banja limodzi ndi ya Corolla, ndiye mafyuluta ndi mapulagi mudzawapeza ku Malangalanga. Imayendera tcheni, pomwe zakalezo zimayendera lamba wofunika kusintha. Koma zoyambirira za injini imeneyi zimamwa oilo, choncho azimuyeza sabata iliyonse. Nyali, magalasi ndi mabampala ndiye zodikira kuchokera ku Japan kapena ku Joni. Asanatumize ndalama, ayambe afunsa msonkho ku MRA, poti galimoto ikakhala yakale msonkho wake umakwera. Ndipo ngati ali ndi njinga yamoto, asagulitse.

Wowulutsa: Mwadzimvera nokha, mayi. Nthawi yatithera, pitirizani kutilembera.