Kachipangizo Kokuza Mawu Kakana Mabatire Awiri

FUNSO: Bambo mlangizi, ine ndimakonza mawailesi, ndipo akulu a mpingo wathu anandipempha kuti ndiwakonzere kachipangizo kokuza mawu a maikolofoni ya kwaya, koyendera mabatire awiri a AA. Ndinaika op-amp ya 741 imene ndinazula m'wailesi yakale, koma kachipangizoko kangoti zii. Kodi ndalakwa pati? Ndine wanu, Mmisiri wa ku Limbe.

YANKHO: Mmisiri wolemekezeka, mwachita bwino kufunsa, pakuti safunsa anadya phula, ndipo mtima wanu ukhale pansi, popeza cholakwa sichili m'manja mwanu, koma m'kusankha wantchito wosayenera munda wake. Op-amp ya 741, imene David Fullagar anaikonza ku kampani ya Fairchild m'chaka cha 1968, inabadwa m'masiku amene amisiri ankaidyetsa mavolti 15 mbali ino ndi 15 mbali inayo, ndipo potulutsa mawu imasiya mpata wa mavolti pafupifupi awiri kumwamba ndi awiri pansi; tsono inu mwaipatsa mavolti atatu okha, nanga mawuwo adzera pati?

Anzanu adzakuuzani kuti mugule LM358, yomwe imapezeka mosavuta ndipo imadzuka pa mavolti 3. Ine sindikuvomera. Batire la AA limayamba pa 1.5, koma limanka likufooka kufikira pafupifupi 1.0 lisanatayidwe, kotero kuti awiri aja, amene Lamulungu loyamba anali 3, adzatsikira ku 2 akali ndi mphamvu yogwira ntchito. Pamenepo LM358 idzakhala italefuka kale, ndipo ngakhale pa mabatire atsopano mawu ake amalekezera mavolti 1.5 pansi pa denga. Muyese chipangizo chanu ndi batire lokalamba, osati latsopano.

Funani MCP6002 ya kampani ya Microchip, imene imagwira ntchito kuyambira mavolti 1.8 kufikira 6, nitambasula mawu kuchokera pansi penipeni kufikira pafupi ndi denga, chimene amisiri amachitcha rail-to-rail. M'kati mwake muli ma op-amp awiri, iliyonse yakudya ma microamp 100 okha. Kunena zoona, maikolofoni yanu ya electret ikhoza kudya koposa onse awiriwo. Muwagwiritse ntchito onse, iliyonse ikuze kakhumi, m'malo mokakamiza imodzi kukuza ka 100, pakuti liwiro lake ndi 1 MHz, ndipo mukaisenzetsa katundu yense yokha, mawu okwera a amayi a soprano adzayamba kuzilala. Musakopekenso ndi MCP6041, yomwe imadya pang'ono koposa, chifukwa liwiro lake la 14 kHz liyenera zoyezera kutentha, osati nyimbo. Ichi chakoma ichi chakoma, pusi anagwa chagada.

Miyendo ya MCP6002 siifanana ndi ya 741: magetsi alowe pa mwendo 8, mwendo 4 upite pansi. Popeza mulibe magetsi a mbali ziwiri, lumikizani ma resistor awiri ofanana a 100k kuti mupeze theka la mavolti, mupereke thekalo ku miyendo 3 ndi 5, mawu alowe ndi kutuluka kudzera m'ma capacitor, ndipo capacitor ina ya 100nF ikhale pakati pa miyendo 8 ndi 4, pafupi ndithu ndi chipangizocho.