Phunziro: Kugula Zipatso pa Msika wa Sharpevale

Sharpevale ali m'chigwa cha Bwanje, m'boma la Ntcheu, pa msewu wa M5 wochoka ku Balaka kupita ku Salima. Kuchigwa kuno n'kotentha, ndipo mango amabereka kwambiri. Kumapiri, monga ku Lizulu ndi ku Tsangano, n'kozizira. Kumeneko n'kumene kumachokera mapichesi.

Chipatso ndi nyengo yake

Mango amachuluka kuyambira Novembala mpaka Januwale. Masuku ndi mapichesi amapezeka mvula ikamayandikira. Malambe, masawu ndi bwemba amabwera mvula itatha.

Mtengo umatsata nyengo. Mango oyamba amadula chifukwa ndi ochepa, pomwe owafuna ndi ambiri. Pofika Disembala mudzi uliwonse uli ndi mango, ndipo mulu umakula, mtengo n'kutsika. Chipatso chochokera kutali chimadulirapo, popeza wopikula amaonjezera ndalama ya galimoto kapena ya kabaza, komanso chiphaso cha pamsika. Madzulo wogulitsa amatsitsa mtengo poopa kubwerera ndi katundu woti mawa aola. Koma zabwino zimakhala zitasankhidwa kale m'mawa.

Chipatso chimapsa bwanji?

Bango losapsa ndi lolimba ndi lowawasa. Likakhwima limayamba kutulutsa mpweya wosaoneka umene umalifewetsa ndi kulitsekemeretsa. Nthochi ndi mapapaya zimachitanso chimodzimodzi. N'chifukwa chake timavundika nthochi: zikafunditsidwa, mpweya uja suthawa, ndipo zimapsa msanga. Chipatso chakupsa chikakhala pamodzi ndi zosapsa, chimazifulumiza. Choola nacho chimaoletsa zinzake.

Koma chipatso chothyoledwa chanthete sichikoma ngakhale muchivundike. Chimangofota. Malalanje ndi mavwende satsekemera akachoka mumtengo kapena m'munda, choncho muwagule atapsa kale.

Kusankha

Akuluakulu anati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Musagule ndi maso okha. Mango ena, monga maboloma, amatha kupsa khungu likadali lobiriwira.

Gwirani bango m'dzanja. Lakupsa limabonyoka pang'ono. Linunkhizeni kumene kunali phesi: lakupsa limanunkhira, lopsetsa limanunkha ngati mowa. Onaninso khungu. Kadontho kakuda kofewa kangakhale pamene ntchentche ya zipatso inabaya n'kuikira mazira, ndipo m'kati mungapeze mphutsi. Bango logwetsedwa ndi mwala limakhala ndi bala, ndipo silichedwa kuola. Onani ndi a pansi pa mulu omwe.

Muzigula mosakaniza: akupsa odya lero, ndi okhwima odya mkucha. Kunenerera si kulakwa, bola mwaulemu: "Mayi, ndikatenga milu itatu mundichotserako zingati? Nanga basela alipo?"

Mukafika kunyumba

Nyengo ya mango ndi nyengonso ya mvula, pamene kolera amavuta. Sambani m'manja ndi sopo, ndipo tsukani zipatso ndi madzi a pamjigo kapena othira mankhwala. Pewani zipatso zosendasenda zimene zakhala pamtetete. Sungani zotsala m'dengu, pamthunzi, osati m'jumbo yomanga.

Zipatso ndi gulu limodzi mwa magulu 6 a zakudya. Mango ndi mapapaya akupsa ali ndi vitamini A, wothandiza maso. Malambe ndi magwafa ali ndi vitamini C wambiri. Pogawa, yambani ndi ana ndi amayi oyembekezera.

Mafunso

1. N'chifukwa chiyani mango amatsika mtengo mu Disembala?
2. Kodi kuvundika kumathandiza bwanji nthochi kupsa?
3. Tchulani njira zitatu zodziwira bango labwino.
4. Tiyerekeze kuti mulu umodzi ndi K500. Mwagula milu 3 ndipo mwapereka K2,000. Chenji chanu ndi ndalama zingati?
5. Lembani mayina a zipatso zisanu za kwanu ndi miyezi imene zimapsa.