Nsambo za bangwe: mtsempha, waya kapena nayiloni?

Funso: Wowerenga wina wa ku Nsanje akufunsa chifukwa chimene nsambo za mtsempha wa nyama zikusowera, ndiponso ngati bangwe wa waya kapena nayiloni akadali bangwe weniweni.

Yankho: Nsambo, zomwe ndi zingwe za choimbira, kale zinkapotedwa kuchokera ku mitsempha ya nyama kapena luzi, koma amisiri odziwa kupala, kuumitsa ndi kupota mtsempha achepa, ndipo kusaka nkoletsedwa ku Lengwe, Majete ndi Mwabvi. Mtsempha umamwanso chinyezi nkukhwefuka, moti m'nyengo yadzinja ya m'chigwa cha Shire woimba amakhalira kukunga.

Vutoli limakula pa bangwe, thabwa limene Asena ndi Amang'anja amaliimbira m'chipanda kapena m'chitini, chifukwa nsambo zake zonse ndi chingwe chimodzi chachitali chopisidwa m'mabowo a mbali ziwiri, kotero kuti chikaduka pamalo amodzi zonse zimakhwefuka. Nchifukwa chake waya anafala, pakuti amalira mokweza ngakhale amachita dzimbiri. Ulusi wanayiloni wa asodzi suopa madzi, koma umatamuka kwa masiku angapo usanakhazikike, ndipo mawu ake ndi ofatsa.

Kusintha kotereku kunachitikanso kwina: ku Ulaya nsambo zinkapangidwa ndi matumbo a nkhosa, ndipo zitasowa pa nkhondo yachiwiri yapadziko lonse, Albert Augustine wa ku New York anapangira oimba gitala za nayiloni. Choncho bangwe wa waya kapena nayiloni ndi weniweni ndithu, pakuti chomuzindikiritsa ndi kakungidwe ndi kaimbidwe kake, ngakhale nzodandaulitsa kuti luso lopota mtsempha likutha osalembedwa.