Kukonza socket pa gateway: ndani ayimbire mnzake?

Gateway ndi kabokosi kamene kamalumikiza zipangizo za waya wa RS-485, monga mita ya magetsi kapena inverter ya sola, ku netiweki ya makompyuta. Socket ndi adiresi ya IP pamodzi ndi nambala ya port: adiresi ikulozani nyumba, port ikuuzani khomo logogoda.

Yambani ndi kulowa m'kabokosiko. Lumikizani laputopu ndi chingwe cha Ethernet, muipatse adiresi ya m'banja limodzi ndi gateway. Mwachitsanzo, gateway ya Moxa NPort imachoka kufakitale ndi 192.168.127.254, ndiye laputopu muipatse 192.168.127.10 ndi subnet mask ya 255.255.255.0. Lembani adiresi ya gateway mu browser, mulowe, musinthe pasiwedi nthawi yomweyo. Kenako ipatseni gateway adiresi yokhazikika. Mukaisiya pa DHCP, magetsi akazima n'kuyakanso router ikhoza kuipatsa ina, inu n'kumagogoda pa nyumba yomwe mwini wake anasamuka.

Tsopano funso lalikulu: woyimba ndani? Pa TCP Server, gateway imakhala phee kudikira kuti kompyuta iyiyimbire. Pa TCP Client, gateway ndiyo imayimba. Zonse zikakhala pa netiweki imodzi, sankhani Server. Koma kabokosi kakakhala kumunda, pa pampu ya madzi, n'kumadalira simu khadi, nkhani yasintha. Makampani a foni nthawi zambiri amagawira makasitomala ambiri adiresi imodzi yakunja, choncho palibe angakapeze kuchokera kunja. Pamenepo ikani Client, mulembe adiresi ndi port ya seva yanu, ndipo port imeneyo muitsegule pa firewall ya sevayo. Palinso njira ya UDP, koma ndimaipewa pa ntchito yowerenga mita, chifukwa imatumiza osafunsa ngati uthenga wafika.

Port ya Modbus TCP, chilankhulo chowerengera mamita pa netiweki, ndi 502. NPort ikakhala pa TCP Server, khomo lake loyamba la serial limamvera pa 4001. Apa ambiri amapunthwa: kulemba 502 pa kabokosi kongodutsitsa uthenga mmene wabwerera sikukasandutsa womasulira. Modbus RTU ya mbali ya serial ndi Modbus TCP amamanga uthenga mosiyana, ndiye pafunika gateway yomasuliradi, monga MGate, kapena pulogalamu yotumiza RTU kudzera pa TCP.

Musadumphe keepalive. Kompyuta ikazima mwadzidzidzi, gateway imaganiza kuti mnzake akadali pa layini, ndipo ngati imalola wolumikiza mmodzi yekha, ikukanani mukabwerera. Keepalive imaichititsa kufunsa pafupipafupi n'kudula layini yakufayo.

Mbali ya serial ifanane ndendende ndi mita: baud rate, parity ndi stop bit. Malamulo a Modbus amayamba ndi even parity, koma mamita ambiri amabwera pa 9600 popanda parity, choncho werengani buku la mita yanu. Nambala ya chipangizo ikhale pakati pa 1 ndi 247, ndipo ziwiri zisalimbirane imodzi.

Sungani zonse, muzimitse gateway n'kuiyatsanso. Yesani ping, kenako muwerenge register imodzi yokha. Ping ikamayankha koma mita ili duu, sinthanitsani mawaya A ndi B, poti makampani sagwirizana pa katchulidwe kake. Port 502 musaitsegulire intaneti yonse: Modbus, yomwe kampani ya Modicon inatulutsa mu 1979, siifunsa pasiwedi. Wofuna kuifikira ali kutali adzere pa VPN.