Malangizo: Kulipira Bilu Madzi Asanadulidwe

Ku Nchalo, Ngabu ndi pa boma la Nsanje, banja likachedwetsa bilu ya Southern Region Water Board limadulidwa madzi. Kuti mpopi utsegulidwenso, limalipira ngongoleyo ndi ndalama ina yolumikizira. Ndi dzuwa la Okutobala kuchigwa kuno, kugula madzi a m'zigubu kumapweteka thumba.

Magetsi a ESCOM ogula mayunitsi alibe chilango chotere, akatha amangozima.

Olandira pamwezi, monga ogwira ntchito ku Illovo, alipire tsiku lomwe ndalama yalowa, pa Mpamba kapena Airtel Money, n'kusunga uthenga wotsimikizira. Amene bilu yamukwerera modabwitsa alembe manambala a pamita, apite nawo ku ofesi tsiku lolipira lisanadutse.