Phunziro: Kumene Anthu a ku America Amamvera Nkhani za Ndale

Ophunzira anga, funso la lero ndi ili: zinatheka bwanji kuti anthu a dziko limodzi azimva nkhani zosiyana pa chinthu chimodzi?

Tiyambe ndi kale. Mu 1933, Pulezidenti Franklin Roosevelt anayamba kulankhula ndi mtundu wonse pa wailesi, mabanja akumvetsera ali m'nyumba zawo. Mu 1960, John Kennedy ndi Richard Nixon, polimbirana upulezidenti, anachita mtsutso pa kanema. Masiku amenewo nyumba zikuluzikulu zoulutsa nkhani pa kanema zinali zitatu: ABC, CBS ndi NBC. Dzuwa likalowa, wa chipani cha Democratic ndi wa Republican ankamva nkhani kuchokera pakamwa pamodzi, monga pa Walter Cronkite wa CBS. Kukangana ankakangana, koma ankatunga pachitsime chimodzi.

Apa tcherani khutu. Kuyambira 1949, bungwe la FCC, lomwe limayang'anira zoulutsa mawu, linali ndi lamulo lotchedwa Fairness Doctrine, loti wailesi ikakamba nkhani yoyambitsa mikangano izipereka mpata ku maganizo otsutsana. Lamuloli linathetsedwa mu 1987. Chaka chotsatira, pulogalamu ya Rush Limbaugh inayamba kumveka m'dziko lonse, iye akukokera poyera mbali ya Republican, ndipo omvera anachuluka zedi. Musalakwitse polemba mayeso: lamulo lija silinkakhudza makanema olipira odzera pa nthambo. Pa makanema oterewa, CNN inayamba mu 1980, kuulutsa nkhani usana ndi usiku. Mu 1996 kunabwera Fox News ndi MSNBC, ndipo m'kupita kwa zaka Fox News inakhala kwawo kwa a Republican, MSNBC kwa a Democratic. Munthu anayamba kusankha womuuza nkhani malinga ndi chipani chake.

Lero ambiri, makamaka achinyamata, nkhani amazipeza pafoni, pa YouTube, Facebook, TikTok ndi X. Masamba amenewa amaona zomwe munthu amakonda n'kumamubweretsera zofanana nazo. Andale nawonso amatsata anthu komweko: mu Okutobala 2024, Donald Trump anacheza ndi Joe Rogan pa podikasiti ya Roganyo pafupifupi maola atatu.

Chomwe chimandidetsa nkhawa kwambiri ine ndi manyuzipepala a m'matauni ang'onoang'ono. Kuyambira 2005, oposa 2,500 atsekedwa, chifukwa otsatsa malonda anathawira pa intaneti. Mtolankhani yemwe ankakhala pamsonkhano wa khonsolo kapena wa komiti ya sukulu kulibenso. Choncho munthu amadziwa mkangano uliwonse wa ku Washington, koma za mmene misonkho ya m'tauni yake yagwiritsidwira ntchito palibe womuuza.

Ntchito ya kunyumba: sankhani nkhani imodzi ya ndale, muimve pa mawailesi awiri, ndipo mulembe zomwe iliyonse yatchula ndi zomwe yasiya.