PHUNZIRO: KACHILOMBO KOBISALA M'THUPI LA MAYI

Kuwerenga: Marko 5:25-34

M'ndime yathu tikukumana ndi mayi amene anataya mwazi zaka 12. Anayenda kwa asing'anga ambiri, chuma chake chinatha, koma matenda anangokulirakulira. M'mipingo yathu mulinso amayi otaya magazi mwakachetechete, ndipo ena mwa iwo vuto lawo ndi khansa ya khomo la chiberekero. Lero tiphunzire za kachilombo koyambitsa khansa imeneyi, kotchedwa HPV.

Kachilombo kameneka n'kotani?

HPV ili ndi mitundu yoposa 200. Ina imangotulutsa njerewere, koma mitundu iwiri, 16 ndi 18, ndiyo imayambitsa khansa imeneyi mwa odwala pafupifupi 70 pa 100 alionse. Kamafala pamene mwamuna ndi mkazi akhala malo amodzi, ndipo anthu ambiri amakatenga nthawi ina pamoyo wawo osadziwa. Mwa anthu 10 okatenga, pafupifupi 9 thupi lawo limakagonjetsa lokha pasanathe zaka ziwiri. Mwa otsalawo kamakhazikika, ndipo ngozi yagona pamenepo.

Kamabisala bwanji?

Mulungu anaika asilikali m'thupi mwathu. Asilikaliwa amathamangira kumene kwamveka mfuu: potupa, pamene maselo akufa, kapena pamene mdani walowa m'magazi. HPV imachenjera kuti mfuu isamveke.

1. Kamalowera pa timabala tosaoneka ndi maso, n'kukakhala m'maselo apansi penipeni pa kakhungu kofewa ka khomo la chiberekero. Sikalowa m'magazi, kumene asilikali akadakapeza msanga.

2. Sikapha selo limene kalowamo. Maselo apansi amakwera pamwamba akamakula, ndipo kachilomboka kamadikira kufikira atafika pamwamba, pamene atsala pang'ono kufunduka okha. Pamenepo m'pamene kamaswana kwambiri. N'chifukwa chake mayi samva ululu, satupa, ndipo thupi silitentha.

3. Kamatseka selo pakamwa. Selo logwidwa ndi kachilombo limaitana asilikali potulutsa timadzi totchedwa interferon, ndiponso limaika chizindikiro kunja kwake kuti alizindikire. HPV imafooketsa zonse ziwiri.

4. Kamamanga alonda a m'kati mwa selo. Alonda awiri, otchedwa p53 ndi pRb, amaletsa selo lowonongeka kuswana. Kachilomboka kamapanga zida ziwiri, E6 ndi E7, zowagwetsera. Alonda akagwa, maselo owonongeka amachulukana, ndipo pang'onopang'ono angathe kusanduka khansa.

Zili ngati chiswe m'nsichi ya nyumba. Kunja ioneka yolimba, mwini nyumba agona mtima uli m'malo, koma m'kati yatha kale. Kwa mayi wa chitetezo chabwino, khansa imatenga zaka 15 mpaka 20 kuti ioneke. Kwa amene chitetezo chake n'chofooka zingakhale zaka 5 mpaka 10 zokha. Mayi amene ali ndi HIV ali pangozi yodwala khansa imeneyi kasanu ndi kamodzi kuposa mnzake amene alibe.

Nanga ife titani?

Choyamba, tisadikire ululu. Zaka zambirizo ndi mwayi umene Mulungu watipatsa. Kuno ku Zambia ntchito yopima amayi m'makiliniki a boma inayamba mu 2006 ku Lusaka. Anamwino amapaka viniga pa khomo la chiberekero, ndipo malo owonongeka amayera. M'zipatala zina amapimanso kachilombo kenikeniko. Malo otere akapezeka msanga amachizika asanasanduke khansa. Bungwe la WHO limalangiza kuyamba kupimitsa pa zaka 30, koma amayi amene ali ndi HIV ayambe pa zaka 25, ndipo asaleke kumwa ma ARV.

Chachiwiri, titengere ana athu aakazi ku katemera. Boma lathu linayamba kumupereka m'dziko lonse mu 2019. Katemerayu amaonetsa asilikali maonekedwe a mdani asanafike, choncho amathandiza kwambiri atsikana a zaka 9 mpaka 14. Saletsa kubereka, monga ena amanenera kuchitsime.

Chachitatu, mukaona magazi mutakhala malo amodzi ndi abambo, pakati pa mwezi, kapena mutasiya kale kusamba, ngakhalenso chikazi chonunkha chosatha, pitani ku chipatala msanga.

Chachinayi, tisaweruzane. Popeza kachilomboka kamakhala zaka zambiri kosadziwika, kupezeka nako si umboni wakuti mayi kapena mwamuna wake wayenda kumbali posachedwa. Banja lisathe chifukwa cha zimenezi.

Mayi uja anafika ponjenjemera, nanena zonse pamaso pa khamu. Yesu sanamdzudzule, koma anamutcha mwana wake wamkazi. HPV imakula bwino pamene pali chete. Manyazi athu asaithandize.

Mafunso okambirana

1. N'chiyani chimaletsa amayi a pampingo pathu kupita kukapimitsa?
2. Kodi Chigwirizano chathu chingasankhe tsiku liti lopitira pamodzi ku kiliniki?
3. Tingamthandize bwanji mnzathu wodwala khansa, kuwonjezera pa kumupempherera?

Pemphero

Atate wachifundo, Inu munaumba matupi athu ndipo mudziwa zobisika zonse. Tichotsereni mantha ndi manyazi, chizani odwala, ndipo patsani nzeru madokotala ndi anamwino athu. M'dzina la Yesu Khristu, Amen.